Chifuwa Changa cha Ganyu

A Msosa anandilanda sukulu. Ndinali Sitandade 8, ndipo sindinkadwala chilichonse.

Anali oyandikana nafe nyumba ku Khombedza. Atapuma ntchito kuchipatala cha boma, anatsegula kachipatala kawo kolipira m'nyumba yomwe kale inali golosale. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la sipiriti losakanikirana ndi utsi wa nsomba zowamba kuseri kwa msika, komanso kulira kwa kafiliji kawo komwe munkakhala timabotolo titatu ta mankhwala ndi madzi awo akumwa.

Odwala sankabwera, koma lendi, laisensi ndi magetsi sizinkajomba.

"Iwe Yohane," anandiitana tsiku lina, "munthu salowa mulesitilanti mopanda anthu. Chipatala n'chimodzimodzi. Benchi yopanda munthu imathamangitsa odwala."

Tinapangana kuti tsiku lililonse la msika ndizikhala pabenchi panja nditafunda chitenje, n'kumatsokomola. K200 patsiku, adzandipatsa zinthu zikayenda. Ndinayamba kujomba kusukulu.

Ntchito ndinkaidziwa. Ndikatsokomola, mbuzi zinkasiya kudya. Anthu anayambadi kubwera, a Msosa mpaka anagula tayi.

"Wonjezera mphamvu, mwanawe," ankanong'ona pawindo, "minibasi ya ku Salima ikutsitsa anthu!"

Tsiku lina Abiti Saidi, mayi wogulitsa usipa, anafika ndi mwana kumsana. Anandiyang'anitsitsa.

"Adokotala, mnyamatayu si yemwe uja ndinamupeza pano nthawi ya mango?"

"Yemweyo, mayi. Amatikhulupirira kwambiri."

"Walahi! Miyezi isanu ndi itatu, chifuwa chimodzi? Nanga mumachiza chiyani pano?"

Anatembenuka, mzere wonse n'kuwatsatira.

Dzuwa lisanalowe msika wonse unali utadziwa zinthu ziwiri: a Msosa sachiza, ndipo ine ndili ndi chifuwa chachikulu. Ahedi anati ndisapondenso m'kalasi popanda kalata ya dokotala. Ndinapita nayo ya a Msosa. Ahedi ataona dzinalo anaseka mpaka misozi. Pomwe mayi anga ankapeza ndalama yokandiyezetsa ku boma, mayeso anali atalembedwa kale. Kubwereza ndinakana. Ndikanakhala bwanji ndi anthu ondithawa padesiki?

Nditakafunsa malipiro anga, a Msosa anavula magalasi. "Bizinesi, mwanawe, tikagwa timagwa tonse."

M'nyumba muja mwabwereranso golosale. Ine ndimapalasa kabaza ku Senga Bay. A Msosa anamwalira chaka chatha, ndipo manda awo ndinakumba nawo, zimenezo sindiwerengera. Koma masiku a chifuwa anali 34. Ndikachotsa mandasi awiri omwe anandigulirapo, yatsala K6,700.