Mvula ya ma X ya ku Nathenje

A Efulemu a ku Mitundu anali ndi dzanja laluso, zimenezo ngakhale odana nawo sankatsutsa. Zaka khumi ndi ziwiri ndiwo ankajambula magalafu a ofesi ya zaulimi. Alangizi akabweretsa manambala a mvula, iwo ankawasandutsa mizati ya inki, mwezi wa mvula yambiri mzati wautali. Galafu imodzi inkadya masiku atatu, ndipo kudikiridwako a Efulemu ankakukonda zedi.

Mu 1984 kunatulukira Zipora, mayi wotayipa makalata ku ofesi ya ku Nathenje. Iyeyu analibe rula, analibe inki. Ankangomenya X pa makina otayipira: X mmodzi mamilimita khumi a mvula, kusanjikiza mpaka mzati utakwera. Choipitsitsa, analemba kabuku ka malangizo: kweza pepala kawiri, dumpha mipata isanu, menya X. Wotayipa aliyense, ngakhale wolephera kujambula nkhuku, ankangotsata kabukuko osaona chithunzi, galafu n'kutuluka. Akaika pa sitensulo ya makina ochulukitsira mapepala, makope makumi asanu tsiku lomwelo.

Nsanje inawagwira a Efulemu. "Mvula ya ma X! Inayamba yagwapo kuti?" ankatero kwa akazi awo, amene sanafunse n'komwe. Koma pansi pa mtima anali mantha: bwana wa maofesi onse akakonda za Zipora, tebulo lawo lojambulira lapita.

A Efulemu anatenga pepala la Zipora n'kulipenda mlungu wathunthu ngati mayi wosankha nyemba. Cholakwika anachipeza! Pa msonkhano wa ku Nathenje anaimirira, jekete atamanga mabatani onse.

"Bwana, mu Febuluwale ku Mitundu inagwa mamilimita 185. Mayiwa amenya ma X khumi ndi asanu ndi atatu. Nanga asanu otsalawo anamwa ndani?"

Anthu anaseka, a Efulemu mtima kuti myaa. Zipora sanakwiye. Anayang'ana pepalalo nati, "Zoona bambo, pamenepa pamandivuta. Inuyo pa inki mumatani?"

Apa ndiye anadzipachika okha. Pofuna kuonetsa ukatswiri anati, "Aaa, zimenezo n'zovuta? Theka la muyeso, theka la mzati. Kodi makina anuwo alibe x wamng'ono?"

Zipora anawomba m'manja mwaulemu n'kulemba. Bwana anati, "Basitu, chimene chimandikayikitsa chinali chomwecho. Kuyambira mwezi wamawa maofesi onse azitsata kabukuka."

A Efulemu anawasamutsira ku ntchito yoyeza mvula m'chitini cha kuseri kwa ofesi, n'kumatumiza manambala ku Nathenje. Anaigwira mpaka kupuma, moni wa Zipora akuyankha ndi mphuno. Chinkawapweteka koposa n'choti mayiyo, poyamika, analemba dzina lawo m'kabukumo, moti otayipa onse mpaka ku Malingunde x wamng'onoyo anamupatsa dzina. A Efulemu ankadzimvera okha pa zenera, atanyamula chitini chawo: "Iwe, apa ikapo kaefulemu kamodzi."