Yunifomu Yanga Inkagona kwa Anambewe

Fungo la simbi ya makala ikamadutsa pansalu yonyowa limandibwezera ku Biwi, m'chisanu cha chaka chomwe ndinali mu Sitandade 3. Silindifikitsa m'nyumba mwathu ayi, koma m'kachipinda ka Anambewe, mayi wa ku Dedza amene tinkachita naye lendi papuloti imodzi. Kumeneko ndi kumene yunifomu yanga inkachapidwa, kusitidwa ndi kugona, itapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko.

M'mawa ndinkatuluka kwathu nditavala diresi lapakhomo ndi juzi, mano akugundana, n'kukagogoda kwa Anambewe. Ndinkasinthira pafupi ndi mbaula, iwo akukazinga zitumbuwa zokagulitsa kumsika. Ndikaweruka ndinkadzeranso komweko kukavula. Amayi anangondiuza kamodzi: "Usadzayerekeze kufika pamaso pa bambo ako utavala yunifomu. Wamva?" Ndinamva. Chifukwa chake sanandiuze, ndipo mwana wa masiku amenewo sankafunsa kawiri.

Lamuloli linayamba bambo atasiya ntchito. Ankayendetsa minibasi ya bwana wina pakati pa tauni ndi Area 23, ndipo anali munthu waphokoso, wolowa pakhomo akuimba mluzu n'kundinyamula paphewa ngati thumba la ufa. Tsiku lina anabwera masana, wapansi, kondakitala wawo atawagwira dzanja. Kuyambira pamenepo ankangokhala pampando wandalema kuseri kwa nyumba, atafunda bulangete, maso ali kumpanda wa udzu. Wailesi anasiya kutsegula. Galimoto ikaliza mabuleki kumsewu, kapu ya tiyi inkawapulumuka m'manja. Amayi a mvano anabwera kudzapemphera, achibale a ku Ntcheu anatumiza mizu yofukiza, koma bambo ankangoti, "Ndili bwino," akuyang'ana pansi.

Chimene chinkandidya mtima ine n'chakuti anasiya kundiyang'ana. Achimwene anga ankawayang'ana ndithu, mwina n'kuwatuma moto. Koma ine ndikati, "Mwaswera bwanji, ababa?" ankayankhira kumbali ngati wawalankhula ndi mpanda. Ndinafufuza machimo anga onse, shuga yemwe ndinkanyambita, pensulo yomwe ndinataya, osapeza tchimo lalikulu chotero. Pampopi anzanga ankanong'onezana, ine ndikafika onse zii. Mmodzi wapakamwa posatseka anandiuza kuti bambo anga mutu sukuyenda, ndipo anthu otere amawatengera ku Zomba. Kuchokera tsiku limenelo, ndikamachokera kusukulu ndinkaopa kukapeza mpando uja uli wokha.

Tsiku lotsekera sukulu aphunzitsi analengeza kuti ndakhala nambala wani. Ndinati basi, ichi ndicho chiwatembenuze khosi. Ndinathamanga njira yonse, fumbi kobo, lipoti lili m'manja, n'kudutsa pakhomo la Anambewe osaima. Ndinawamva akukuwa, "Iwe mwana, tabwera uvule kaye!" koma miyendo inali itandifikitsa kale kuseri kwa nyumba.

"Ababa, ndakhoza!"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, koma sanandiyang'ane mmene ndinkafunira. Nkhope yawo inachita kutuwa. Anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada, kenaka anagwada pafumbi n'kundigwira mapewa. Anandipapasa mutu, mikono, mawondo.

"Sunapweteke? Ndinaliza hutala, mwanawe. Ndinaliza hutala! Sunandimve?"

Ndinangouma ndi mantha. Amayi anatuluka manja ali thovu lokhalokha, ndipo sanandikalipire. Anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo. Apo m'pamene bambo anandizindikira. Anatchula dzina langa motsitsa, naika chipumi paphewa langa n'kuyamba kulira mokweza, mpaka Anambewe anathamangitsa ana amene ankasuzumira pampanda. Ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu akulira pamalo poti palibe maliro.

Ku Zomba sanapite. Amalume anawatengera kumudzi ku Ntcheu, ndipo anabwerako mvula itayamba, ataonda koma akulankhulako. Chiwongolero sanadzachigwirenso. Anayamba kusoka nsapato pansi pa mtengo, kutali ndi msewu.

Nkhani yake ndinaimva ndili ku sekondale, kwa Anambewe omwewo. Kamtsikana ka msinkhu wanga, ka pasukulu yathu yomwe, kanatulukira kuseri kwa basi yoima, kakuthamanga katavala yunifomu, minibasi ya bambo n'kukagunda. Bambo anakanyamula okha kukwera nako galimoto ina, ndipo kanatsirizikira m'manja mwawo asanafike kuchipatala. Apolisi anati sanalakwe. Anthu onse anati sanalakwe. Koma munthu amene akanawathandiza kusenza zimene anaonazo panalibe, chifukwa nthawi imeneyo tinkangodziwa misala ndi kulodzedwa, zapakati pake zinalibe dzina.

Ndili mwana ndinkayesa kuti bambo sankandiyang'ana chifukwa anasiya kundikonda. Lero ndikudziwa kuti akandiyang'ana ankaona ana awiri, ndipo mmodzi mwa awiriwo sakanatha kumubwezera kwa mayi ake.