Makaseti Khumi ndi Anayi a Fabiano Ngozo

Ndalama zimene a Fabiano Ngozo anataya chaka chatha ndi mamiliyoni awiri ndi theka a kwacha, ndipo sanazikhudzepo n'chala chomwe. Zinayenera kugawidwa kwa mabanja makumi awiri ndi atatu, iwo n'kutsala ndi kagawo kochepa. Munthu akawafunsa za ndalamazo amangopukusa mutu n'kupitiriza kuwotcherera mawaya pa benchi yawo ya pa Sharpevale, pamene akhala akukonzera mawailesi kwa zaka zoposa makumi atatu. Chimene chimawaimitsa ntchito mpaka kuvula magalasi ndi nkhani ya mayina.

A Ngozo anapita kumigodi ya ku Joni mu 1981 ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo anabwerako mu 1988 pamene maulendo a kumigodi anatsekedwa. Anzawo anatsika ndi njinga, makina osokera ndi mitolo ya zofunda. Iwo anatsika ndi wailesi ya kaseti ya masipika awiri ndi katoni ya makaseti osajambula. Mkazi wawo, a Selestina, anasuzumira m'katonimo n'kufunsa kuti, "Anzanu abweretsa mabulangete. Nanga ife m'June tizifunda kaseti?"

Chimene a Ngozo anaona, ena onse asanachione, n'chakuti amuna obwera kumigodi anali ndi nyimbo zawozawo, zopekedwa m'komponi, zosakaniza Chichewa, Chingoni chakale cha m'magule ndi chilankhulo cha kumgodi. Anaonanso kuti amunawo ankatsokomola, ndipo chaka chilichonse mmodzi kapena awiri ankapita kumanda ndi nyimbo zawo. Choncho kwa zaka zisanu, Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ankamanga wailesi pa keliyala n'kupalasa kupita ku Kasinje, ku Kandeu ndi m'midzi ya pakati, mabatire ogula ndi ndalama ya m'thumba mwawo.

Anali ndi lamulo limodzi limene sanalipindepo. Munthu asanayambe kuimba, ankayenera kutchula dzina lake, mfunda wake, mudzi wake, mgodi umene anagwirako ndiponso amene anapeka nyimboyo. Akatero a Ngozo ankamuthokoza pomutchula mfunda, monga amachitira Angoni, kenako nyimbo n'kuyamba. Ena ankanyinyirika. Mlamu wawo a Paison Gama a ku Kasinje, amene anakwatira mlongo wawo Nangozo, akumveka pa kaseti yachitatu akudandaula:

"Kodi alamu, ndi khoti limeneli? Mabatire akutha, inu mukuzenga mlandu."

"Kumgodi munali nambala ya pa mkono, alamu. Kuno ndinu munthu. Tchulani dzina."

"Chabwino. Ine ndine Paison Gama, mlamu wa munthu wovutayu."

"Zikomo, Gama."

Anajambula amuna makumi awiri ndi atatu pa makaseti khumi ndi anayi. Anawasunga m'chitini cha mabisiketi, atakulunga m'nsalu, ndipo chaka ndi chaka ankawazungulitsa ndi bolopeni kuti tepi isamatirire. Lero mwa oimba onsewo atsala ndi moyo awiri.

Mu 2023 panafika mayi wina, a Sheila Chimango, a ku kampani yaing'ono ya ku Lilongwe yotulutsa nyimbo zakale. Anamvetsera kaseti imodzi ataimirira pa benchi pomwepo, n'kupempha mpando. Anagwirizana kuti kampani iyeretse mawu, itulutse nyimbo zonse pamodzi ndi kabuku ka mayina ndi zithunzi za oimba, ndipo mabanja alandire gawo lawo. M'pangano munali chiletso chimodzi: munthu aliyense asamve nyimbo zoyeretsedwazo lisanafike tsiku lozitulutsa, mu Seputembala chaka chotsatira. A Ngozo anasaina. Patapita miyezi anawatumizira kakhadi ka memore kokhala ndi nyimbo zonse kuti aone ngati mayina alembedwa molondola. Anapeza zolakwika zisanu ndi ziwiri, ndipo anazilemba ndi dzanja papepala la m'kope.

Mu Julayi wa chaka chotsatiracho, anthu atakolola, banja la a Gama linamanga chiliza cha a Paison, amene anamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Mapemphero atatha kumanda, anthu ali pabwalo masana, Nangozo anadzakhala pansi pafupi ndi mpando wa achimwene ake.

"Achimwene, ndamva kuti bambo a Elson mwawatsekera m'kakhadi."

"Ndi za pangano, mlongo. Pirirani miyezi iwiri yokha."

"Pangano munapangana ndi a ku Lilongwe. Ine ndinapangana nawo kutchalitchi. Ndiwamveko lero, pa tsiku lawo."

Amene analemba chiletso chija anadziwa za msika wa nyimbo, koma sanadziwe kuti mwini mbumba sakaniza mlongo wake wamasiye pa tsiku la chiliza, pamaso pa mudzi wonse. A Ngozo anatulutsa kakhadiko m'chikwama, n'kukalowetsa m'kawailesi kakang'ono. Mawu a a Paison anatuluka oyera ngati kuti mwini wake wakhala pakhonde. Pamene anati "mlamu wa munthu wovutayu" anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Nyimbo itayamba, nkhalamba ziwiri zinadzuka n'kuyamba kuponda gule wa ngoma zilibe zishango.

Elson, mwana woyamba wa malemuwo, mphunzitsi wa pulayimale wa zaka makumi anayi, ndiye ankakonda nyimbo zimenezi kuposa aliyense. Anagwada n'kupempha kuti, "Atsibweni, ya bambo yokhayo. Ndikakopetse pa Redson, ndibwera nako pompano." Redson ndi mwini kashopu ka pa Kasinje koika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemore. Elson sananame: anapempha nyimbo imodzi, analipira ya nyimbo imodzi, anabweza kakhadiko ola lisanathe. Koma pa ntchito ya Redson, khadi lililonse lolowa m'kompyuta limakopedwa lonse, mwini wake akuyang'ana kumbali.

Patatha milungu iwiri, a Ngozo ali pa benchi, njinga yamoto ya kabaza inaima pafupi ikuliza nyimbo. Anazindikira mawu a a Duncan Nyoni a ku Kandeu, malemu a mu 1997. Anadikira kuti nyimbo yotsatira iyambe ndi dzina. Inayamba ndi kuimba. Yachitatunso chimodzimodzi. Redson anali atadula zolankhula zonse za kumayambiriro, poti makasitomala sakonda nkhalamba zolongolola.

Kuchokera pa Kasinje nyimbozo zinayenda mofulumira kuposa mmene wailesi ija inayendera pa keliyala. Okonda nyimbo anatumizirana m'magulu a pa foni mpaka kwa ana a ku Ntcheu okhala ku Joni. Wina anaika nyimbo ya a Paison, yolira mnzawo amene thanthwe linamugwera, pansi pa kanema wa makatuni a ku Japan omenyana ndi malupanga, ndipo anthu zikwizikwi anaikonda. Winanso, amene mpaka lero sakudziwika, anazilembetsa zonse pa intaneti m'dzina lake. Kumayambiriro kwa Seputembala a Chimango anaimba foni. Analankhula mwaulemu. Amene analonjeza ndalama zosindikizira anabwerera m'mbuyo poona kuti nyimbo zili kale m'foni ya aliyense ndipo zili pa mkangano wa umwini. Kabuku ka mayina kanathera m'kompyuta.

"Analakwa ndine, mayi," anatero a Ngozo. "Ndinasaina ndi dzanja langa, ndinaliza ndi dzanja lomwelo." Dzina la Elson sanalitchule, ndipo pamene Elson anabwera kudzapepesa atanyamula nkhuku, anamuuza kuti mwana salipa mlandu chifukwa chofuna mawu a bambo ake.

Pali anthu ophunzira amene atamva nkhaniyi anati palibe chimene chatayika, chifukwa nyimbo za makolo n'za tonse ndipo tsopano zafika kwa anthu ambiri kuposa amene akanagula. Mawu amenewo amakoma m'kamwa mwa munthu amene bambo ake sanalavulepo magazi m'chitini. Nyimbo izi sizinagwe ndi mvula. Anazipeka amuna odziwika, a midzi yodziwika, amene kumgodi ankaitanidwa ndi nambala ndipo ambiri a iwo anamwalira akudikirabe chipukutamisozi cha mapapo awo. Munthu mmodzi yekha, wokonza mawailesi wa Sitandade 6, ndiye anaganiza zowafunsa mayina. Ndiyeno okonda nyimbo, mwachikondi chawo chomwecho, anawabwezera kumene mgodi unawasiya.

A Ngozo sanapite kupolisi. Anavala jekete lawo, anakwera minibasi kupita pa Kasinje, n'kukaima pakhomo pa Redson.

"Madala, musandikwiyire," anayamba Redson asanapatsidwe n'moni womwe. "Ine ndakutchukitsani. Ngakhale ku Joni akuliza."

"Akuliza ndani?"

"Nyimbo zanuzo."

"Ine sindiimba. Mkazi wanga anandiletsa ngakhale m'kwaya. Iyi ikulirayi akuimba ndani?"

Redson anayang'ana pa kompyuta. Panalembedwa kuti nambala 9.

"Amenewo ndi a Maynard Gama a kwa Sitolo," anatero a Ngozo. "Agogo ako akuchimuna si ankapempha fodya kwa iwowa? Wawadula mutu, wagulitsa thunthu."

"Makasitomala amafuna nyimbo, madala. Zoyankhulazo zimadya malo."

"Sipika yako ya kumanzereyo ikulira ngati mbuzi yodwala chimfine. Ikudya malo nayonso."

Anthu amene ankatchajitsa mafoni anaseka. A Ngozo anavula jekete, anapempha sikuludiraiva, ndipo pofika masana sipika inali itachira. Malipiro anali amodzi: Redson afufute nyimbo zodulidwazo, aike zathunthu za pa kakhadi, fayilo iliyonse ilembedwe dzina la woimba, ndipo aliyense wobwera ndi zodulidwa azimusinthira ulere. Anaimirira kumbuyo kwake mpaka dzina lomaliza litalembedwa, akumutchulira chilembo ndi chilembo. Asanatero anali ataimbira a Chimango kuwapempha chilolezo, poti munthu saswa pangano limodzi kawiri. Mayiwo anavomera.

Kuyambira pamenepo ndiyo yakhala ntchito yawo ya Loweruka. Akonza zokuzira mawu m'mashopu asanu ndi anayi a pa Sharpevale, pa Kasinje ndi m'mbali mwa msewu, osalandira tambala. Mashopu awiri anawakana. Mwini shopu wina anavomera, iwo atangochoka n'kudulanso mayina, ndipo a Ngozo anabwererako sabata yotsatira ndi chikwama chawo cha zipangizo. Pa Sharpevale tsopano a kabaza ena amadziwa kupempha kuti, "Mundiikire ya a Paison Gama, ya mlamu wovuta ija," ndipo akadutsa pa benchi amakuwa kuti, "Zikomo, Ngozo!" Iwo sadzutsa mutu, koma a Selestina amati masiku otero amafika kunyumba akuimba mluzu.

Ku Kandeu, kwawo kwa oimba asanu ndi mmodzi, sanafikebe ndi ntchitoyi. Bondo lakumanja linayamba kutupa mvula itagwa, ndipo adokotala anawaletsa maulendo aatali. Ali ndi mayina a mashopu anayi a kumeneko papepala lopinda m'thumba la jekete, ndipo akuti akapita msewu ukauma.