Mapilitsi Anga a Chifuwa

Pamwamba pa kabati kwathu ku Mindolo pankakhala chitini cha koko chopanda koko. Munali makapisozi ofiira ndi akuda, otsala pa matenda a aliyense m'nyumbamo. Kwathu munthu akangopezako bwino ankasiya kumwa mankhwala, otsalawo mayi n'kusunga. Kutaya mankhwala kunali ngati kutaya chakudya.

Chaka chimene mgodi umene bambo ankagwirako ntchito unkagulitsidwa, chisanu chitangoyamba, ine ndinabwera ndi chifuwa kuchokera kusukulu. Chinali chouma, chokanda kukhosi ngati wameza mankhusu. Sichinkagwetsa munthu, koma kuchoka ayi. Patatha milungu itatu chinagwira mlongo wanga, patapitanso ina chinafika kwa bambo. Mayi anatsitsa chitini, tonse tinameza makapisozi, koma chifuwa osatekeseka m'pang'ono pomwe.

Lero ndimagwira ntchito yoyeza makhololo ku Ndola, ndipo mdani uja ndimamudziwa dzina: maikoplazima. Makapisozi aja amapha tizilombo poswa chikhungwa chawo, pamene kameneka chikhungwa kalibe. Tinkangomwa mphepo.

Bambo sankakhazikika. Ankatuluka, kubwerera, kutsegula wailesi, kuitsekanso. Eni mgodi atsopano ankasankha anthu oti atsale, ndipo aliyense wolowa pansi ankayenera kuyezedwa pachifuwa. Masiku amenewo bambo wotsokomola mwezi wathunthu anthu ankamuyang'ana m'mbali n'kumanong'onezana za matenda aja a edzi. Choncho kuchipatala cha mgodi bambo anakaniratu, kuopa kulembedwa m'faelo.

Mlongo wanga chinamuleka chokha. Ine ndiye mayi anapita nane kukiliniki. Adokotala anandipatsa mapilitsi ena, owawa, opotokola m'mimba. "Amalize onse, thuu wikisi, ngakhale aoneke wachira," anatero.

Pofika tsiku lachinayi ndinali nditayamba kulumpha chingwe panja. M'mawa wotsatira ndinatambasula dzanja, mayi n'kundipitirira ndi kapu ya madzi. Anaika piritsi langa pafupi ndi tiyi wa bambo. "Imwani. Mwaiche uyu wachira kale, onani mmene akudumphira." Bambo anayang'ana piritsilo nthawi yaitali, kenako anameza.

Zinandipweteka koopsa. Mapilitsiwo sindinkawakonda, koma anali anga! Lamlungu ndinaulula kwa aphunzitsi a Sande sukulu kuti mayi akundibera mankhwala, ndipo pobwerera khutu langa linaona zakuda.

Bambo chifuwa chinaleka. Anakayezedwa, anapezeka bwino. Changa chinabwerera ndi ukali, malungo pamwamba. Mapilitsi omwewo atandipatsanso anagwira mwaulesi, mpaka ndinagonekedwa, temu yonse n'kundipita. Kaya tinali titakaphunzitsa kachilomboko kupirira mankhwala ndi theka lathu lija, sindingalumbire. Koma ndikamaona odwala amene mankhwala amenewa sakuwagwiranso, ndimadziwa kuti nyumba ngati yathu zinali zambiri. Mayi sindiwaimba mlandu. Anali ndi botolo limodzi, odwala awiri, ndipo mmodzi yekha ndiye ankatidyetsa.

Ndili m'chipatala mndandanda wa otsala pantchito unatuluka. Dzina la bambo munalibe. Amalume, amene anali kalaliki kumgodi, anadzatiuza kuti mndandandawo unalembedwa kale anthu asanayambe n'kuyezedwa komwe.

Nditabwerera kunyumba, kachifuwa kanatsalira mpaka mvula. Ndikangoti khoo, bambo ankadzuka pampando n'kutuluka panja, ngakhale tili pakati pa kudya. Ine ndinkaganiza kuti akuopa ndingawapatsirenso, ndiye ndinaphunzira kutsokomolera m'pilo kuti bambo azikhala nane.