Belu Lodziliza Lokha

Belu lija ndinalipanga ndekha, ndiye palibe amene ndingamuloze chala. Ndinkaphunzitsa zamagetsi pasukulu ina ya ntchito zamanja ku Mzuzu, zaka zomwe khadi la chipani silinkachoka m'thumba. Kunabwera bodi ya kompyuta yamphatso, yokhala ndi timabatani ndi kachipu kakuda kowerengera nthawi. Ine ndi kutengeka kwanga, ndinati kachipuko kaziliza belu, tisiye kumenya limu yagalimoto imene inkalendewera pamtengo.

Kachipuko kanali ndi mwambo wake. M'kati mwake muli timalo tosungamo manambala, totchedwa marejisita. Umayamba ndi rejisita yolamulira, kukauza mmene kawerengere. Kenako umalemba nambala yoyambira, theka laling'ono kaye, lalikulu pambuyo. Ukasinthanitsa, belu linkalira ana atangokhala kumene pansi. Ukalemba bwino, kankawerenga chotsitsa mpaka ziro, n'kuyambanso, ndipo bodi inkaliza belu nthawi ikakwana.

Vuto lake kanali koiwala. Magetsi akangophethira zonse zinkafufutika, ndipo makina okhazikitsira pulogalamu tinalibe. Ndiye kunali kudinanso mabatani, mzere ndi mzere, zala zitauma ndi chisanu. Ngakhale Lamlungu ndinkayenda wapansi kuchokera kunyumba ku Zolozolo kukaona ngati kakadali moyo. Anzanga ndinayesa kuwaphunzitsa, koma ankangoseka, n'kundithokoza ngati mphunzitsi wawo m'chilankhulo chakumeneko: "Yewo chomene, asambizgi, mwana wanuyo lerani nokha." Ndinatopa nalo belu lija kuposa mmene ndinatopera ndi kalasi iliyonse.

Tsiku lina mlongo wanga anatuma munthu kuchokera kwathu ku Nkhata Bay: bambo adwalika, akundifunsa. Ndinapita kwa ahedi.

"Bwana, adada sali bwino. Ndimapempha ndikawaone."

"Pepani chomene, aphunzitsi," anatero ahedi. "Koma Lachisanu kukubwera akuluakulu a chipani, ndipo ndawauza kale za belu lathu. Magetsi akazima inu kulibe, ndidzati chiyani? Mudzapita Loweruka."

Masiku amenewo nkhani ikatchula chipani, sunkaonjezera mawu. Ndinakhala. Magetsi anazima kawiri sabata imeneyo, ine n'kumadina: rejisita yolamulira, theka laling'ono, theka lalikulu. Lachisanu belu linalira pa nthawi yake. Alendowo sanatembenuke n'komwe, anali kalikiliki ndi tiyi.

Loweruka nditatsika basi ndinamva nyimbo za maliro ndisanafike pakhomo. Bambo anali atatisiya Lachisanu masana.

Ndinakhalitsa kumudzi, ndipo palibe ananditumira uthenga woti ndifulumire. Pobwerera ndinapeza bodi ili zii pa shelefu, itachita fumbi. Magetsi anali atazima tsiku lomwe ndinachoka. Wina anangotola chitsulo n'kumenya limu ija pamtengo, ana n'kumalowa ndi kutuluka monga kale.

Ahedi anandipepesa maliro, kenako anafunsa kuti belu ndilidzutsa liti.

"Limu ikumveka bwino, bwana," ndinatero.

Manambala aja ndimawakumbukirabe onse, mwa ndondomeko yake. Mawu amene bambo ankafuna kundiuza sindikuwadziwa.