Zitini za Wosoka Nsapato

Wosoka nsapato wa pakona uja sanatayepo chitini chibadwire. Misomali ankasunga m'chitini cha mkaka, mabatani m'cha penti, zidendene ankadula ku matayala akutha. Anthu ankangoti n'kuumira.

Ndiye mwana wake anakwatira mayi wophunzira, wa bungwe loteteza chilengedwe. Mpongoziyo atasuzumira m'kashopu muja anagwira pakamwa.

"Bambo, dzimbiri lonseli? Masiku ano timasamala dziko."

Kutacha, zitini zonse zinali zitatayidwa kudzala. Pashelefu panali timabokosi tansungwi tofanana, kalikonse kokutidwa m'mapulasitiki atatu. Mkuluyo anathokoza ndi manja awiri, nanga mpongozi n'kumukanira? Koma tsiku lonse akati apise dzanja kufuna msomali, ankatulutsa batani. Ntchito inaima. Anazemba n'kukatola zitini zake, mapulasitiki aja n'kumatira padenga podontha.

Patatha mwezi mpongoziyo anabwera ndi alendo a makamera, n'kuwalozera zitini zija monyadira.

"Mwaona? Bambowa ndinawaphunzitsa ndine kugwiritsanso ntchito zinthu zakale."

Mkuluyo anagwedeza mutu uku akusoka.

"Zoonadi amayi, ndine mwana wasukulu wanu. Kungoti chitini ichi chinayamba sukuluyo inu musanabadwe."