Mapopa pa Chilumba cha Mbenji

Mapopa anali mwana wa mphunzitsi wa ku Rumphi amene boma linamutumiza ku Khombedza. Anatalika msanga, moti polowa m'kalasi ankachita kuwerama. Kutalikako kunamutengera ku Lilongwe kukasewera basiketibolo, kenako timu ina ya ku Maputo inamutenga. Kumeneko anasewera zaka ziwiri zokha. Tsiku lina anadumpha n'kutera molakwika, bondo linalira ngati nzimbe yothyoka, mpira n'kuthera pomwepo.

Anabwerera ku Khombedza akutsimphina. M'mawa ankaitanira minibasi pasiteji, masana n'kukakhala kwa amayi otcheza kachasu. Akaledzera ankaona bwalo lowala la ku Maputo, pansi pake pali matabwa osalala, anthu akufuula dzina lake. Podzidzimuka ankapezeka ali m'ngalande kuseri kwa msika. Mkazi wake Lena anatopa nazo, anapita kwawo ku Maganga.

M'mawa wina anamudzutsa m'ngalandemo a Sulaiman, msodzi wachikulire amene anali ndi boti.

"Dzuka iwe, tiye ku Mbenji. Pachilumba paja mowa sufika, ndi lamulo."

"Ine madzi ndimaopa, a Sulaiman. Ngakhale ukonde sindiudziwa."

"Ukayanika utaka pathandala. Manja ako aataliwo akafika pomwe athu safika."

Anawoloka nawo. Masabata oyamba, posowa mowa, thukuta linali kamukamu, chakudya osalowa. Pang'onopang'ono thupi linakhazikika. Ntchito yake inali kumwaza nsomba pathandala ndi kuzitembenuza. Masana ena, dzuwa likafika paliwombo, utaka unkanyezimira mpaka maso kuchita chidima, ndipo kulira kwa mbalame kunkamveka ngati nsapato zikukhula pamatabwa aja. Ankangoima chilili, nsomba ili m'manja, kufikira a Sulaiman atamugwira pamkono.

"Bwerera kuno, mwana wanga. Kumeneko kulibe ako."

Mu Disembala chilumba chinatsekedwa kuti nsomba ziswane, asodzi onse n'kuwolokera kumtunda. Mapopa anakhala kwa a Sulaiman, akuphunzira kusoka maukonde pansi pa mtengo wa mango. Mu Febuluwale anasowa masiku atatu, n'kubwera akununkha mowa, malaya atang'ambika. A Sulaiman anangomupatsa madzi osamba.

Chilumba chitatsegulidwa mu Epulo, mwini boti pofika kugombe anapeza Mapopa atakhala kale mkati, mkeka uli m'khwapa, mwendo wodwalawo atautambasula. Chino ndi chaka chake chachinayi akuwoloka.